Za Mau Akuti "Kukokoloka kwa Nthaka" ndi Maphunzitsidwe Ake

M'mwezi wa February chaka chatha ndidapita kukayendera ophunzira athu amene adali kuyesera uphunzitsi m'sukulu zina za kum'mawa kwa boma la Dowa, kumene dziko liyamba kutsetsereka kulinga ku nyanja. Pa sukulu ina, imene sinditchula dzina lake, ndidakhala kumbuyo kwa kalasi la Sitandade 6 ndi kumvera phunziro la kukokoloka kwa nthaka. Mnyamata wophunzitsayo adakonzeka bwino ndithu, ndipo sindirikulemba izi kuti ndimchititse manyazi, pakuti iye adaphunzitsa monga momwe ife tidamphunzitsira. Adayamba m'Chingerezi, ndipo ataona kuti ana angoti kakasi, adatembenukira ku Chichewa, nalemba pa bolodi kuti kukokoloka kwa nthaka ndiko kuchoka kwa dothi la pamwamba chifukwa cha madzi kapena mphepo. Ana adabwereza katatu. Pambuyo pake adandandalika zoyambitsa zake: kudula mitengo, kutentha thengo, kulima mizere yoloza kumunsi, ndi kuchulutsa ziweto. Ana adabwerezanso.

Nthawi ya mafunso itafika, kamtsikana kena kokhala pafupi ndi zenera kadaimika dzanja nikati, "Aphunzitsi, nanga chigwa chachikulu chija tioloka popita ku chigayo, adadula mitengo ndani kuti chikumbike chotero?" Mphunzitsi adaganiza pang'ono, nayankha kuti adali anthu akale. Ine ndidachiona chigwacho madzulo ake. Nchakuya kotero kuti munthu akaima pamwamba, mitengo ya pansi ioneka ngati zitsamba. Palibe nkhwangwa kapena khasu la munthu limene lidayamba nchito imeneyo. Chigwacho chidalipo anthu asanafike m'dziko muno. Mwanayo adafunsa funso labwino koposa onse a tsiku lija, ndipo phunziro lathu lidalibe malo oikamo yankho lake.

Ndirikufuna tsono kuweruza phunziro limeneli monga momwe tiweruzira nthano kapena ndakatulo m'masamba ano, ndiko kuyang'ana mau ake, chimene anena, ndi chimene abisa. Wina angafunse kuti kodi nkhani ya dothi yalowa bwanji m'maphunziro a chiyankhulo. Yankho langa ndi ili: chiganizo chija cha pa bolodi ndi chiganizo cha Chichewa, ndipo ana ochiloweza chaka ndi chaka achuluka kuposa oloweza ndakatulo iriyonse imene tiri nayo. Kuyambira 1968 Chichewa chidali chiyankhulo chophunzitsira m'makalasi oyamba, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi pa malo amenewo. Koma inu nonse mudziwa kuti phunziro likakakamira, mphunzitsi athawira ku Chichewa. Chichewa chimenecho sichilembedwa m'buku la kalasi, palibe achikonza usiku pokonzekera phunziro, ndipo chingopangidwa pomwepo mphunzitsi ali chiriri. Chifukwa chake chisauka, chonsecho chiyankhulo chenichenicho sichosauka iai.

Tiyambe ndi mneni mwini wake. M'Chichewa tiri ndi aneni ambiri oyenda awiriawiri: kugumula ndi kugumuka, kung'amba ndi kung'ambika, kuswa ndi kusweka, kukokolola ndi kukokoloka. Woyambayo afuna wochita. Wachiwiriyo anena za chinthu chimene chaoneka chitachitika, osatchula amene wachita. Mwana akagwetsa mbale athamangira kunena kuti "yasweka," ndipo amai ake adziwa bwino chifukwa chake sadanene kuti "ndaswa." Ife potcha phunziro lonse kuti "kukokoloka" tidasankha mneni wobisa wochita. Pamenepo mpata wa wochitayo utsala wopanda kanthu, ndipo mphunzitsi aufotsera msanga ndi mndandanda wa zolakwa za anthu. Koma mukalemba pa bolodi kuti "Chikokolola nthaka nchiani?" mwana sangathe kuyankha kuti nkhwangwa, chifukwa nkhwangwa sinyamula dothi. Ayenera kunena kuti madzi. Ndipo akatero mwapeza khomo la mafunso oyenera: madzi ati, ochokera kuti, othamanga bwanji, olemera motani. Wodula mitengo atsegulira madzi njira. Wonyamula dothi ndi madziwo. Kusiyana kumeneku sikochepa, pakuti mwana wosadziwa mphamvu imene alikulimbana nayo sangadziwe chifukwa chake mzere umodzi ugwira nchito ndipo wina ulephera.

Bvuto lina nlakuti mau amodziwa tawasenzetsa katundu wa mau khumi. Taganizani za moyo wa mwala umodzi wa pa phiri la Kongwe. Uyamba wang'aluka, madzi nalowa m'ming'alumo. Kunja kwake kufundula zikhungwa zopyapyala monga njoka ifundula. M'kati mwake uola, kufikira munthu atha kuunyenya ndi zala. Chidutswa china chigumuka, chigubuduka, chigwera mu mtsinje. M'menemo chikhulana ndi zinzake, chipereseka, chisalala, ndipo ana achitola nachitcha nsangalabwi. Zopereseka zija zisanduka mchenga ndi matope. Madzi abvunduka nazo, ndipo pamene afatsa, matopewo adikha, nakwirira dimba la munthu wina kumunsi. Werengani aneni amene ndagwiritsa nchito: kung'aluka, kufundula, kuola, kunyenyeka, kugumuka, kugubuduka, kupereseka, kubvunduka, kudikha, kukwirira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndabwereka kunja, ndipo mwana wa zaka khumi wa ku Mvera kapena ku Malomo awadziwa onse. Chingerezi chisiyanitsa weathering, ndiko kuonongeka kwa mwala uli pamalo pake, ndi erosion, ndiko kuchotsedwa ndi kunyamulidwa kwa zoonongekazo. Ife potembenuza tidatenga mau achiwiriwo okha, oyambawo nkuwasiya panjira. Ndipo kaŵirikaŵiri ndamva ophunzira athu akusakaniza kukokoloka ndi kuguga, ngati kuti nchinthu chimodzi. Nthaka yoguga iripo koma yatha chonde. Nthaka yokokoloka yapita. Mlimi aliyense asiyanitsa ziwirizi, chifukwa yoguga aitsitsimutsa ndi manyowa, koma yopita alibe poifunira.

Tsono tibwerere ku funso la kamtsikana kaja, pakuti yankho lake ndilo mbiri ya mapiri amene kalikukhalamo. Miyala ya pansi pa Dowa ndi Ntchisi ndi yakalekale, yoposa zaka 500 miliyoni, ndipo yambiri ndi ya mtundu umene akatswiri a miyala autcha gneiss, wooneka ndi mizeremizere yoyera ndi yakuda. Pambuyo pake, nthawi yaitali itapita, dziko lidang'aluka m'litali, chigawo china nichititimira pang'onopang'ono, ndipo m'chigwa chimenecho ndimo muli nyanja ya Malawi. Nchito imeneyi sidathe. Chibvomezi cha pa 10 March 1989, chimene chidagwetsa nyumba zambiri ku Salima, chidali kusuntha kwa ming'alu yomweyo. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi aima pa mlomo wa chigwacho. Nsonga ya phiri la Ntchisi ipitirira mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475. Ndiko kunena kuti dontho la mvula logwa pamwamba pa phirilo liri ndi ulendo wotsika mamita oposa 1,100, ndipo mtunda wake ngwaufupi.

Apa ndipo pagona kusiyana kumene aliyense woyenda m'maboma awiriwa akuona ndi maso. Kumadzulo, cha ku Mponela ndi ku Madisi, dziko nlathyathyathya. Madzi azengereza m'madambo, nalowa mwaulesi m'mitsinje monga Kasangadzi, imene ithira mu Bua. Kum'mawa mitsinje ilibe nthawi yozengereza. Lingadzi wa ku Dowa, amene sali Lingadzi wa mu mzinda wa Lilongwe, atsika kulinga ku Salima. Kaombe achoka ku Ntchisi kulinga ku Nkhotakota. Madzi othamanga anyamula miyala, ndipo miyalayo ndiyo mano ake. Ndiyo imene ikukuta thanthwe la pansi pa mtsinje chaka ndi chaka. Mtsinje ukazama, mbali zake zigumukira m'kati, chigwa nichikula. Chigwa cha ku chigayo chija chidakumbidwa motero, ndi kamtsinje kamene m'mwezi wa October mwana akadumpha osanyowa. Ndikadakonda mphunzitsi uja akadanena kwa mwanayo kuti, "Adakumba ndi kamtsinje komweko, koma kadayamba kale kwambiri." Yankho limenelo nloona, nlalifupi, ndipo likadamsiya mwana alikudabwa, kumene kuli kofunika kuposa kubwereza katatu.

Pali chinanso chimene ndichiona m'makonzedwe a phunziroli, makamaka pamene ophunzira athu atenga mfundo m'mabuku olembedwera maiko ozizira. M'menemo malo aakulu apatsidwa kwa madzi oundana, amene alowa m'ming'alu ya mwala usana, naundana usiku, nafufuma mpaka mwala usweka. Ndiponso kwa mitsinje ya madzi oundana yopala zigwa, ndi mphepo ya m'chipululu yosema miyala. Zonsezi nzoona kwao, ndipo mwana ayenera kuzimva tsiku lina. Koma chisanu cha June, chimene nthawi zina chiwaula masamba m'dambo, sichiswa mwala ku Dowa. Kabvumvulu wa October anyamuladi pfumbi m'minda yopanda kanthu, koma katundu wake ngwochepa pomlinganiza ndi wa mvula imodzi ya December. Kwathu kuno mmisiri wamkulu woononga mwala ndi madzi ofunda olowa pansi mwakachetechete. Iwo asungunula pang'onopang'ono zina za m'mwala. Mbali yotchedwa feldspar isanduka dongo. Chitsulo cha m'mwalamo chichita dzimbiri, ndipo dzimbiri limenelo ndilo lifiiritsa katondo. Mbali yolimba yotchedwa quartz ikana kuola, nitsala ngati mchenga ndi timiyala toyera. Wofuna kuona zonsezi pamodzi aime pamene mseu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima udadula phiri cha ku Mvera. Pamwamba aona kadothi kakuda kochepa, pansi pake katondo, pansi pakenso mwala woola umene ukali ndi mizeremizere yake koma unyenyeka ndi chala, ndipo pansi penipeni thanthwe lolimba. Nthawi zina aonanso mzere wa timiyala toyera utagona m'kati mwa dothi. Akatswiri ambiri ati chiswe chithandiza kuupanga, potuta dothi losalala kupita nalo pamwamba ndi kusiya timiyalato pansi. Mwana amene waona khoma lotere sadzaiwala kuti nthaka ndi mwana wa mwala.

Koma chimene ndidandaula nacho koposa ndi kusowa kwa dontho la mvula m'phunziro lonseli. Tanthauzo lija liyamba nkhani pamene madzi ayamba kale kuyenda, chonsecho choipa chachikulu chichitika asanayende. Dontho lalikulu lifika pansi ndi liwiro la mamita pafupifupi 9 pa sekondi. Likagwa pa nthaka yopanda chofunda liphwanya timibulu ta dothi, limwaza tizidutswa uku ndi uku, ndipo tosalala kwambiri titseka timabowo tolowera madzi. Pamenepo pamwamba pa munda pauma chikhungwa, madzi alephera kulowa, nayamba kuyenda, ndipo apeza dothi lophwanyidwa kale lirikuwadikira. M'zaka za m'ma 1950, Norman Hudson adayesa zimenezi pa malo ofufuzira zaulimi a Henderson, kufupi ndi Salisbury, amene lero ndi Harare. Adasiya timinda tiwiri topanda mbeu kapena udzu. Pamwamba pa kamodzi adayalapo waya wa timabowo tating'ono, wonga wotchingira udzudzu pa zenera. Mvula idalowa m'timinda tonse tiwiri mofanana, koma pa kotchingako idafika itasweka, yopanda nkhonya. Atawerenga patapita zaka, dothi lotayika pa kosatchinga lidaposa la pa kotchinga koposa ka 100. Mvula yomweyo, kutsetsereka komweko, dothi lomwelo. Chosiyana chidali kumenya kwa dontho basi.

Simufunika waya kuti muonetse ana zimenezi. Matope othimbirira m'munsi mwa khoma la nyumba ndi pa masamba a maungu adafika pamenepo podumpha, osati poyenda. Kangalande kamene kakumbika pansi pa mthuthu wa denga ndi nchito ya dontho. Pa bwalo la sukulu mvula ikata, mudzapeza timiyala titakhala pamwamba pa tizipilala ta dothi, chifukwa kamwalako kadatchinga dothi la pansi pake pamene lozungulira lidachoka. Ndipo makolo athu adaziona kale, naika m'maina a mvula. Mvula yoyamba, yogwa thengo litapsa, adaitcha chizimalupsa. Ina adaitcha kokalupsa, chifukwa ikoka phulusa la lupsa nkupita nalo. Dzina limeneli ndi phunziro lathunthu m'mau amodzi: lanena nyengo, lanena kuti nthaka iri pamtetete, lanena wochita, lanenanso chimene chanyamulidwa. Ndayendera makalasi ambiri, koma sindidamvepo mphunzitsi woyesera akulitchula. Ndiganiza kuti aliyesa dzina la kumudzi losayenera pa bolodi.

Chimodzimodzinso mwambi uja wakuti madzi saiwala khwawa. M'maphunziro a Chichewa tiuphunzitsa ngati wonena za khalidwe la munthu wobwerera ku zizolowezi zake, ndipo nzoona. Koma mwambi usanakhale fanizo uyamba wakhala chinthu choonedwa ndi maso, ndipo choonedwa pano ndi lamulo lenileni la madzi. Akangopeza kanjira kotsika, ngakhale kopondedwa ndi mbuzi, asonkhana m'menemo. Posonkhana akula mphamvu. Pokula mphamvu azamitsa kanjirako. Ndipo kakazama kaitana madzi ochuluka chaka chamawa. Chigwembe chikula chobwerera m'mbuyo, kudya kumutu kwake, chifukwa madzi ogwera pa phompho lake afukula pansi, mlomo nugumuka. Ndicho chifukwa chake kuthira zinyalala m'kati mwa chigwembe osasamala kumene madzi achokera kuli kungotaya nthawi. Mphunzitsi wa Chichewa ndi mphunzitsi wa zaulimi m'sukulu zathu zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo, ndipo nchodabwitsa kuti mwambi umene waphunzitsa m'mawa sautenga kupita nao ku phunziro la masana.

Pano ndiyenera kuchita chilungamo, pakuti wina angayese kuti ndirikunena kuti munthu alibe mlandu, ndipo kuti poti mapiri akhala alikupereseka kuyambira kale, palibe chodetsa nkhawa. Iai ndithu. Mndandanda uja wa zoyambitsa suli wabodza, ndipo olemba phunziroli adachita bwino kuuika. Cholakwa chao nchakuti sadanene za liwiro. Pansi pa nkhalango nthaka ichokadi, koma pang'ono kwambiri, ndipo mwala woola pansi ubwezera. Kupanga sentimita imodzi ya nthaka kutenga zaka mazana. M'chaka cha 1992 a World Bank adayerekeza kuti dziko lino litaya matani 20 a dothi pa hekitala pa chaka. Kafukufuku wina wotsogozedwa ndi bungwe la FAO, wofalitsidwa mu 2016, adapeza matani 29 powerengera chaka cha 2014. Manambala otere ndi apakatikati a dziko lonse, ndipo sanena za munda wa munthu mmodzi. Munda wa pa chitsetso cha ku Ntchisi ndi wa pa thyathyathya la ku Madisi sungataye mofanana. Komabe mphunzitsi angathe kuwasandutsa chinthu chogwirika. Matani 29 ndiwo matumba 580 a makilogalamu 50. Mukawayala pa hekitala yonse, kuchindikala kwake ndi mamilimita awiri okha, ndipo ndicho chifukwa chake mwini munda saona kanthu chaka chimodzi. Koma pa zaka 50 ndi masentimita 10, ndiwo gawo lalikulu la dothi lakuda limene khasu litembenuza. Pamenepo ndipo mumva nkhalamba irikuti miyala yamera m'munda mwake. Sidamere, chofunda chake ndicho chachoka.

Nanga mau olamula aja adachokera kuti? Pakuti mukamvetsera bwino, theka lachiwiri la phunziroli liyankhula ndi "musadule," "musatenthe," "muyenera." Liu limeneli liri ndi mbiri. Boma la Atsamunda lidaika lamulo losamalira zachilengedwe mu 1946, ndipo m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene adalamula kuyambira 1948 mpaka 1956, malamulo a malimidwe adakhwimitsidwa zedi. Anthu adaletsedwa kulima matutu, nakakamizidwa kupanga mizere yopingasa ndi milambala. Olephera adalipitsidwa, ena nalowa ndende. Chidani chake chidakula kotero kuti mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Gomani ya ku Ntcheu idauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewa, ndipo boma lidaichotsa pa mpando. Wapulumuka Mulwafu adalemba mbiri imeneyi m'buku lake lotchedwa Conservation Song, la 2011, ndipo ndikulimbikitsani kuliwerenga. Zina mwa njira zimene alangizi a nthawi ija adaphunzitsa zidali zabwino, ndipo mizere yopingasa idakhazikika mpaka lero. Koma adalamula osafotokoza, ndipo mzere wopangidwa ndi munthu wosadziwa chifukwa chake kaŵirikaŵiri upendekeka. Ukapendekeka usonkhanitsa madzi pa malo amodzi, nuphulika, nuyambitsa chigwembe chimene padalibe. Ndende zidatha, koma kalankhulidwe kake kadatsala m'makalasi mwathu. Kumbukirani kuti ana amene muwauza kuti kulima pa phiri nkulakwa abwerera madzulo kwa makolo amene alibe munda wina koma wa pa phiri pomwepo. Mwana wotere mukampatsa lamulo lokha, mwamphunzitsa kuchita manyazi ndi atate ake. Mukamuonetsa nchito ya dontho ndi ya madzi osonkhana, iye yekha adzaona chifukwa cha akalozera, cha ngonyeka, cha udzu wa vetiva, ndi cha kusiya mapesi m'munda osawatentha.

Phunziroli lilekezanso nkhani pakati, chifukwa silinena kumene dothi lipita. Mitsinje ya Lifuliza ndi Likoa, yochokera ku mapiri a Ntchisi, ithira m'thamanda la Chia ku Nkhotakota, ndipo matope ake adikha m'menemo, m'malo oswaniramo nsomba. Mpasa ukwera mtsinje wa Bua nthawi ya mvula kukaikira mazira pa timiyala toyera ta pansi pa madzi, ndipo timiyalato tikakwiririka ndi matope mazira sapuma. Koma mbali inayo iriponso: zidikha za m'mphepete mwa nyanja ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene anthu alima mpunga, zidamangidwa ndi dothi lotsika m'mapiri omwewa pa zaka zosawerengeka, ndipo dimba lirilonse lachonde la m'mbali mwa mtsinje ndi mphatso yochokera kumtunda. Tawonaninso m'mene chiyankhulo chisinthira dzina la chinthu chimodzi poyenda: m'munda ndi nthaka, m'madzi ndi matope, pa bwalo ndi pfumbi, kwa woumba mbiya ndi dongo. Mwana wa ku Ntchisi ali ndi mwai umene ana ambiri alibe, pakuti nkhalango ya pa phiri lao, imene idali pothawira Achewa m'nthawi ya nkhondo za Angoni ndipo idatetezedwa ndi boma mu 1924, ikali chiimire. Tungani botolo limodzi m'kamtsinje kotuluka m'nkhalangomo ndi lina m'kamtsinje kodutsa m'minda, tsiku lomwelo mvula itagwa, nimuwaike pa zenera la kalasi kufikira m'mawa.

Za Napolo ndinena mwachidule, popeza ndi nkhani ya mapiri a kum'mwera makamaka. Ana a ku Dowa adalimva dzinali pa wailesi mu March 2023, pamene namondwe Freddy adagumula phiri la Soche ndi ena, napha anthu oposa 600, osawerengera osowa. Zotere zidachitikanso ku Zomba mu December 1946 ndi ku Phalombe mu March 1991, ndipo Steve Chimombo adatchula dzinali pa buku lake la ndakatulo za Chingerezi la 1987. Aphunzitsi ena aliopa, kuti angaoneke ngati abvomereza za chinjoka. Koma chotsani chinjokacho, muone chotsala: chinthu chogona pansi pa phiri, chodzuka mvula ikagwa masiku ambiri osakata, chotsika ndi phokoso, chotsata khwawa, chonyamula matanthwe ndi mitengo. Umenewo ndi ufotokozi wolondola wa dothi lokhuta madzi limene lalemera, laterera pa thanthwe, nilitsika ngati phala. Mwana afunika kudziwa kuti chimenechi si kukokoloka kwa mamilimita awiri kuja, ndi kuti nyumba yomangidwa pakamwa pa khwawa iri pa njira yake.

Samuel Josia Nthara adalemba Nthondo, buku limene lidalandira mphotho, ndiponso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi kufupi ndi Kongwe, m'Chichewa cha m'dera lomweli. Chiyankhulo chimene chidakwanira kufotokoza moyo wonse wa munthu sichingalephere pa chigwembe. Ine pophunzitsa tsopano ndigawa mutuwu patatu, ndi kulemba pa bolodi kuti kuola kwa mwala, kukokololedwa kwa nthaka, ndi kudikha kwa matope. Mnzanga wina wa pa koleji pano akana mau oyambawo. Ati choola ndi chinthu chimene chidali ndi moyo, ndipo akonda kunena kuti kunyenyeka kwa mwala. Ine ndimyankha kuti kunyenyeka ndi chotsatira chabe, ndipo kuti okumba zitsime kwathu akafika pa mwala wofewa uja anena okha kuti "tafika pa woola." Takangana kawiri osagwirizana. Inu amene mulikupita kwanu pa tchuthi chikudzachi, funsani okumba zitsime, oumba mbiya ndi oumba njerwa m'mene atchulira mwala wotere, ndi maina amene apatsa mitundu ya zigwembe ndi ya mvula. Lembani mau ake, mudzi wake, ndi chiganizo chonse m'mene mwamvera, mudzandipatse sukulu ikatsegulira.